Kodi Ndimusiyire Marvella Malo Anga?

Aphungu,

Ambiri amakulemberani zinthu zitawasokonekera. Ine zanga zayenda bwino, mwina zayenda bwino mopitirira, ndipo n'chifukwa chake ndabwera kwa inu.

Ndine mtsikana wa zaka 28. Sukulu ziwiri za udokotala zandipatsa malo. Zaka zitatu zapitazo ndinafunsira malo m'sukulu zambirimbiri ndipo panalibe ngakhale imodzi yomwe inafuna kuona nkhope yanga. Mwa ziwiri za tsopanozi, ina ili konkuno ku Chicago, pomwe ndinachitira digiri yanga yachiwiri, ina ili ku Pennsylvania, ulendo wa tsiku lathunthu pa galimoto. Lamulo lake mukulidziwa: pofika kumapeto kwa Epulo munthu atsale ndi sukulu imodzi, malo enawo awasiye kuti alowe ena amene akudikirira. Mnzanga amene wandifikitsa pano ndi mmodzi mwa odikirirawo, pa sukulu ya konkunoyi. Ndikuganiza zosiya malo a kunowa, ndipite ku Pennsylvania, kuti iye alowe. Koma kuno ndili ndi bambo anga odwala impso, ndipo amene amawasamala ndine.

Ndiloleni ndikuuzeni za munthuyu kuti musaone ngati ndapenga. Ndimutchula kuti Marvella, ngakhale si dzina lake.

Digiri yanga yoyamba sindinakhoze bwino. Mayi anga anamwalira ndili chaka chachiwiri, ndinkaphunzira uku ndikugwira ntchito m'sitolo ya mankhwala, ndipo malikisi anga anaulula zonsezo. Sukulu zitandikana, khomo linatsala limodzi: digiri yachiwiri ya chaka chimodzi ya sayansi ya thupi ndi matenda, ija mumakhala m'kalasi limodzi ndi ophunzira udokotala a chaka choyamba, mayeso n'kumalemba omwewo, malikisi anu n'kumawayerekeza ndi awo. Tsiku loyamba mkulu wa pulogalamuyo, Dokotala Halvorsen, sanatinyengerere. Anati, "Mukachita bwino pano, zakale zanu tiiwala. Mukalephera pano, palibe amene adzafunenso kumva chifukwa chake. Takulandirani." Anthu anaseka, koma kunali kuseka kwa mano okha.

Mayeso oyamba ndinagwa chagada. Sikuti sindinkawerenga ayi. Ndinkawerenga mpaka maso kufiira, tsamba lililonse n'kulipaka ndi cholembera chachikasu chija, kuwerenganso, kupakanso. Tsiku lina masana ndili mu laibulale, mayi wina wa m'kalasi mwathu anadzaima pambali panga. Ndinkamudziwa kuti ndiye wamkulu kwa tonsefe, wa zaka pafupifupi makumi anayi, ndipo anali ataphunzitsa khemisitire nthawi yaitali pa sekondale ina ya ku South Side, chigawo cha kumwera cha Chicago, asanasiye kuti ayese udokotala. Tonse tinkangomuti Aphunzitsi.

"Iwe, ukuwerenga kapena ukupenta nyumba?" anatero.

"Ndikuwerenga," ndinayankha, mtima utayamba kale kundiwawa.

"Tatseka bukulo. Tsekatu. Ehe. Tsopano undiuze, munthu akadzuka pampando mwadzidzidzi, n'chifukwa chiyani sakomoka? Mtima umatani?"

Tsamba lake ndinkaliona m'mutu, ndi chithunzi chomwe chili kumanja kwake, koma mawu ayi.

"Waonatu. Maso akowo akhoza, koma mayeso salembedwa ndi maso. Nyamula katundu wako, Chikasu, tiye."

Dzina limenelo linandikanirira mpaka lero.

Ananditengera m'kachipinda kena kokhala ndi bolodi, n'kundipatsa cholembera, iye n'kukhala pampando atasanjikiza miyendo. "Ndiphunzitse. Ine ndine mwana wa sekondale, wamwano, ndipo sindinadye m'mawa." Chilichonse chomwe ndinganene, iye ankangoti, "Chifukwa chiyani?" Ndikayankha, "Nanga chimenechonso chifukwa chiyani?" Ndikayamba kulakatula mawu a m'buku ankayasamula mokweza mpaka a m'chipinda china kugogoda khoma. Tsiku limenelo ndinapita kunyumba nditamukwiyira zedi, koma kwa nthawi yoyamba ndinadziwa pomwe ndinkadziwadi ndi pomwe ndinkangodzinamiza.

Anandiletsa zambiri. Anandiletsa kudikira kuti ndimalize kaye kuwerenga ndisanayambe mafunso oyeserera. Ankati funso ulilakwe lero ukadali ndi nthawi yolikwiyira. Anandiletsa kusunga phunziro la Lolemba kuti ndidzalione Loweruka. Koma chomwe chinandivuta kwambiri chinali kupita ku maofesi a aphunzitsi athu pa nthawi imene amaika yolandira mafunso. Kwathu tinaleredwa kuti munthu wamkulu sumugogodera chitseko kuti ukamuonetse umbuli wako. Marvella anachita kundikoka dzanja m'khonde monse. "Munthuyo wakhala m'menemo yekhayekha kudikira iwe, akungoseweretsa foni. Lowa ukamupatse ntchito. Nanga mawa akamadzalemba za iwe kwa a komiti yosankha ophunzira udokotala, adzalemba chiyani ngati sakudziwa ndi dzina lako lomwe?"

Aphungu, inu mukudziwa mmene makalasi oterewa amakhalira. Malo ndi ochepa, ndiye aliyense amayang'ana mnzake ngati wodzam'landa mbale. Ena ankabisa ndi mafunso akale omwe. Mnyamata wina anamuuza Marvella pamaso panga kuti, "Aphunzitsi, mukudziwa kuti mwanayu adzakupitirirani?" Iye osatembenuka n'komwe anati, "Akandipitirira ndiye kuti ntchito ndimaidziwa. Iwe pita ukawerenge, ndinaiona nkhope yako potuluka m'mayeso."

Teremu yachiwiri ndi pomwe impso za bambo anga zinaima. Anagwira ntchito pa fakitale ya masiwiti moyo wawo wonse, ndipo amakonda kunena kuti anatsekemeretsa Chicago yense, shuga wotsala n'kutengera kunyumba. Anayamba kupita ku makina osefa magazi katatu pa sabata. Chilankhulo chawo ndi Chisipanishi, Chingerezi chawo n'chongogulira buledi, choncho wowaperekeza, wowamasulira ndi wowakaniza mchere ndinali ine. Mchimwene wanga Ramiro amakhala ku Joliet, tauni ina chapafupi ndi Chicago. Ali ndi mtima wabwino, koma amakumbukira masiku a mpira kuposa masiku a chipatala. Ndinamuuza Marvella kuti ndikusiya sukulu.

"Chabwino," anatero. "Udzasiye Lachisanu. Mawa amapita nthawi yanji bambowo?"

M'mawa mwake, kunja kuli chipale chofewa chofika m'mawondo, ndinangoona munthu akulowa m'chipinda cha makina atapanira kabolodi kakang'ono m'khwapa. Anamwino anayamba ndi kukana, koma Marvella amadziwa kulankhula ndi anthu otopa. Kuyambira tsiku limenelo kalasi yathu inasamukira pambali pa mpando wa bambo. Phunziro la impso, lomwe limagwetsa anthu chaka ndi chaka, ine ndinaliphunzira ndikuyang'ana magazi a bambo anga akuzungulira m'machubu. Iye ankaloza makinawo n'kunena kuti, "Awa akugwira ntchito ya mbali iti ya impso? Nanga n'chiyani chomwe impso imachita koma awa sangathe? Fotokoza m'Chisipanishi kuti bambo amve. Akapanda kumva ndiye kuti nawenso sunamve."

Bambo anasangalala nazo kwambiri, ngakhale mawu ambiri pakati pa awiriwa ankadutsira mwa ine. Ankati, "Aphunzitsi, akalakwa mundiuze, dzanja limodzili lili lomasuka." Tsiku lina zotsatira za magazi zitabwera zoipa, Marvella anati, "Chikasu, tawafotokozera bambo chifukwa chake mchere wa potaziyamu wakwera chonchi."

"Musavutike, ndi makinawa, ndi akale," anatero bambo.

"Ndiye ndi makina amene anataya m'bini makoko a mapeyala, chipatso chomwe anakuletsani chija?" ndinawafunsa.

"Mwana uyu ndimati akuphunzira udokotala, kani ndi upolisi!"

Lachisanu lija linafika n'kudutsa, za kusiya sukulu palibe anazitchulanso.

Chaka chitatha, ine ndinali m'gulu la pamwamba. Marvella, amene teremu yoyamba ankatisiya tonse kutali, malikisi ake a teremu yachiwiri anatsika. Sanalephere ayi, koma anatsika moonekera. Iye sanadandaule, koma ine si mwana. Nthawi yonse imene ankakhala nane ku makina aja inali nthawi yake yowerengera, ndipo kunyumba kwake kunali ana awiri ndi mwamuna woyendetsa basi za mumzinda amene amalowa ntchito nthawi zosinthasintha.

Tonse awiri tinafunsira malo, ndipo tonse sukulu ya kunoyi inatiitana kukationa maso ndi maso. Ngakhale pamenepo amene anandikonzekeretsa ndi iye. Anandibwereka jekete lake labwino, n'kundiuza kuti, "Akakufunsa za malikisi akale aja usayambe kulira, ndiponso usayambe kupepesa. Unene zomwe zinachitika, unene zomwe unasintha, utseke pakamwa." Uthenga wondilandira utabwera mu Febuluwale, ndinamuimbira iye ndisanauze ngakhale bambo. Anakuwa mpaka ndinachotsa foni kukhutu. Madzulo ake anabwera kunyumba ndi keke yophika yekha, anavina ndi bambo m'khitchini, n'kuwadulira kachidutswa kopyapyala ngati pepala. Bambo anakayang'ana n'kunena kuti, "Aphunzitsi, iyi ndi keke kapena chithunzi cha keke?"

Potsuka mbale m'pamene ndinafunsa za iye.

"Ine andiika pa benchi," anatero. "Ndili m'gulu la odikirira."

Ndinamuyang'ana, mbale ili m'manja.

"Usandiyang'ane ngati ndafa, iwe. Benchi ndi benchi, anthu amadzukapo. Tsuka bwino poto uyo, wasiya mafuta."

Iye sangapite kutali chifukwa cha banja, choncho anafunsira sukulu za kuno zokha, ndipo zina zonse zinamukana. Mayeso aakulu olowera sukulu za udokotala analemba kalekale; chaka chamawa sukulu zambiri sizidzawalandiranso, adzayenera kulemba ena. Anandiuzapo kamodzi kuti anagwirizana ndi mwamuna wake kuti ayesa ulendo uno wokha, osati chifukwa mwamunayo ndi wankhanza, koma banja latopa. Akapanda kulowa chaka chino ndikuona kuti abwerera kukagwira choko.

Pagulu la pafoni la kalasi yathu anthu amanena kuti munthu wa pulogalamu yathu akasiya malo, sukulu imalowetsapo mnzake wa pulogalamu yomweyo, ndipo ine sindikuona amene angakhale patsogolo pa Marvella. Ndiye kulikonse ndingakhale ndimangoona kuti pakhomo pomwe akudikira kuti alowe, amene waima n'kutsekereza ndine. Ndinawafunsa bambo mozungulira za ku Pennsylvania. Anati, "Pita kulikonse kumene akukufuna, mwana wanga. Ine ndili ndi makina, ndili ndi Ramiro, ndili ndi Mulungu." Kenako anafunsa kuti, "Kumeneko basi yake imafika tsiku lomwelo?"

Marvella sindinamuuze. Ndikudziwa kuti akamva andimeza wamoyo. Maganizo anga ndi ongochita mwakachetechete, n'kumauza anthu kuti ku Pennsylvania kunandisangalatsa.

Aphungu, chibadwire sindinaonepo munthu wosakhala m'bale wanga akundichitira zotere. Ndimamukonda, ndipo mawu oti zikomo ndawanena mpaka afwifwa. M'manja mwanga muli chinthu chimodzi chokha chofanana kukula ndi zomwe anandichitira, ndipo ndi malo amenewa. Kodi ndimusiyire? Epulo akutha.

N.Z.
Cicero, m'mphepete mwa Chicago, Illinois

N.Z. mwana wanga,

Ndakunyadira. Munthu kukanidwa ndi sukulu zonse, n'kudzuka, n'kukakhoza m'kalasi yotere uku akusamala wodwala, si zamasewera. M'kalata yako yonse sunadzitame ngakhale kamodzi, ndiye ndikutame ine: Marvella anakutsegula mutu, koma m'chipinda cha mayeso unalowa wekha.

Tsopano yankho lako. Ayi, usamusiyire.

Malo amenewo si ako oti ungapatse munthu amene wamusankha. Ndisanapume ntchito ndinakhala zaka zambiri m'makomiti osankha ophunzira udokotala. Sukulu zimasiyana, koma zambiri zomwe ndikuzidziwa zimalandira anthu ochuluka kuposa mipando, podziwa kuti ena apita kwina. Ndiye iwe ukhoza kuchoka, mpando wakowo osapita kwa wina aliyense. Ukapezeka mpata weniweni, komiti imayang'ana kalasi yonse n'kuona kuti ikusowa munthu wotani, ndipo kawirikawiri odikirira sakhala pamzere ngati pogula matikiti kuti uyu woyamba, uyu wachiwiri. Za pagulu la pafonizo, amene analembayo anakhalapo m'komiti iti? Amenewo ndi ana anzako amantha, akutonthozana ndi mphekesera. Usangomva zanga zokha. Imbira ofesi yolandira ophunzira, osatchula dzina la munthu, ufunse mmene odikirira amalowera. Ukamva yankho lawo uganizire izi: mwezi wa Ogasiti iwe uli ku Pennsylvania, bambo ako akukwera takisi okha kupita ku makina, Marvella akadali pa benchi pomwe paja, ndipo pampando wako pakhala mnyamata wa ku California amene sadzadziwa n'komwe kuti unalipo.

Tiyerekeze kuti mwayi wagwa, wachoka iwe n'kulowa iyeyo. Ukuganiza kuti sadzamva? Kalasi yanu ndi yaing'ono ndipo pakamwa pake sipatsekeka. Mayi ameneyu adzakhala zaka zinayi akudzifunsa ngati analowa ndi mutu wake kapena ndi chifundo cha mwana amene anamuphunzitsa. Tsiku lililonse bambo ako akadwalika iwe uli kutali, iye adzaona ngati wachititsa ndi iye. Umenewo ndi mtolo, ndipo ukufuna kumusenzetsa asakudziwa. Wanena wekha kuti akamva akumeza wamoyo. Ndikuuze mosabisa: ngati chinthu uyenera kumubisira munthu kuti umuchitire, kawirikawiri sukuchitira iyeyo, ukuchitira mtima wako kuti upeze tulo.

Za malikisi ake otsika aja, mwina ukunena zoona. Koma Marvella ndi munthu wamkulu, nthawi yake amaidziwa mtengo wake kuposa iwe, ndipo anasankha yekha kukakhala pafupi ndi bambo ako. Mnyamata uja atamuchenjeza, unamva wekha mmene anamuyankhira. Usamulande ulemu wa chisankho chakecho poyesa kumubwezera ngati wakupatsa zinthu molakwitsa.

Ndipo bambo ako anakuyankha kale. Mawu oyamba aja ananena kuti akumasule, monga amachitira makolo. Yankho lawo lenileni ndi funso la basi lija.

Tsono tamva zochita. Sabata ino, osadikira tsiku lomaliza, lembera a ku Pennsylvania, uwathokoze, uwauze kuti sukubwera. Kumenekonso kuli benchi, ndipo pali munthu amene akungoyang'ana foni monga akuchitira mnzakoyu. Malo amenewo ndi okhawo amene ungasiye popanda kupweteka munthu, ndipo ukawasiya msanga mwina wina apuma msanga.

Kenako pita kwa Marvella. Wati m'manja mwako muli chinthu chimodzi chokha, walakwitsa. Uli ndi umboni. A komiti akuona malikisi otsika a teremu yachiwiri, koma pepala silinena kuti munthuyu anali kuti. Mwina akuganiza kuti anatopa, kapena zaka zamulemera, kapena sangapirire ulendo wautali. Amene mukudziwa zoona ndi iwe, bambo ako ndi anamwino aja. Umupemphe chilolezo kuti ukauze Dokotala Halvorsen zomwe zinachitika. Ndikubwereza, umupemphe kaye, chifukwa nkhaniyi ndi yake. Akakana usathawe msanga, umufunse kuti chifukwa chiyani, funso limenelo ukulidziwa bwino tsopano. Akakanitsitsa, umulemekeze n'kusiya. Akavomera, kagogode chitseko cha Dokotala Halvorsen, ufotokoze mosakometsera ndiponso mosalira, ndipo usapemphe kuti amukondere. Mkulu wa pulogalamu amatha kulembera kapena kuimbira a komiti kuti awonjezere zomwe mu fayilo mulibe. M'chipinda chathu cha komiti, nkhani ya munthu amene anakhala miyezi pambali pa wodwala wosakhala m'bale wake inkatichititsa kuika zolembera pansi n'kutchera khutu, chifukwa madokotala amene tinkafuna ndi otero. Sindikukulonjeza kuti amutenga. Ndikungoti ayenera kumuweruza akumudziwa.

Iyenso alembe yekha ku sukuluko, anene kuti akaitanidwa abwera mosakayika, afotokoze zomwe wakhala akuchita chaka chino. Anthu ozolowera kulankhulira ena amakhala aulesi podzilankhulira okha. Umuumirize mpaka atumize.

Usaiwale Ramiro. Kukhala ku Chicago sikutanthauza kuti zonse uzisenza wekha, ndipo chaka choyamba cha udokotala sichidzakupatsa mpata katatu pa sabata ngakhale chipatala chili kuseri kwa nyumba. Muitane, mukhale pansi ndi bambo, mugawane masiku tsopano lino sukulu isanayambe. Funsani ku makinako za galimoto yonyamula odwala ndi za womasulira. Nthawi zambiri zimenezi zimakhalapo, kungoti anthu safunsa. Mtima wabwino wa mchimwene wakoyo uonekere pa chiwongolero. Ukadzalephera udokotala chifukwa chotopa, pamenepo m'pamene nthawi ya Marvella idzakhale itapita pachabe.

Inu ena amene mukulowa mapulogalamu oterewa chaka chino, kalata ya mtsikanayu muiwerengenso kachiwiri. Malangizo onse omwe ndikanakupatsani ali momwemo, ndipo mphunzitsi ameneyu wawanena bwino kuposa mmene ndikananenera ine.

Nditsirize ndi chenjezo, ndipo ili ulisunge. Mwina Marvella sadzaitanidwa. Ine ndinakhalapo pa benchi imeneyo, kale iwe usanabadwe, ndipo chaka chimenecho sanandiitane. Tinali anayi owerengera limodzi, atatu analowa. Sanandichitire choipa chilichonse. Anangoyamba kuchita manyazi. Akafuna kundiuza za m'kalasi ankaona ngati akundinyogodola, akafuna kudandaula za kutopa ankaona ngati akundinyadira, mapeto ake anangosiya kundiimbira, n'kumadziuza kuti akundipatsa ulemu. Iwe ndi mtima wako wofewawu ndiwe woti ukhoza kuchita zomwezo. Zikakanika chaka chino, pita kwawo ngakhale manyazi akugwire. Umuitane ku mwambo wokuvekani majekete oyera a udokotala poyamba sukulu, asankhe yekha kubwera kapena ayi. Akaganiza zolembanso mayeso, uziwatenga ana ake Loweruka kuti awerenge. Akaganiza zobwerera kukaphunzitsa, uzimuimbirabe, uzimuuza za odwala ako, uzimvetsera za ana ake a sukulu. Ine ndinadzalowa chaka chotsatira, ndagwira udokotala mpaka tsitsi kuyera, ndipo mawu a m'kalata yondikana ija sindikuwakumbukira ngakhale amodzi. Koma mayina a anzanga atatu aja ndikhoza kukutchulira pompano.

Aphungu